Mwana wanu asanapite ku kwizi ya mabuku ndi jogalafe

Sukulu zikangoyamba kusankha ana okaimira anzawo pa kwizi, foni yanga sipuma. Pempho lake limakhala limodzimodzi: "Aphunzitsi, tatitumizirani mafunso ndi mayankho ake, mwana aloweze." Ena amandigwira mkono pabwalo la tchalitchi tikangoweruka, ena pa Mbare Musika thumba la tomato lili m'manja. Mndandanda wa mafunso sinditumiza, ngakhale mutandichonderera bwanji, ndipo mukamafika pa nambala 5 mukhala mutaona chifukwa chake. Chimene ndingakupatseni ndi njira imene ndimatsata ndi ana amene ndimakhala nawo Loweruka masana kuno ku Highfield, mu Harare.

Ndalemba m'Chichewa dala, ngakhale kwiziyo imachitika m'Chingerezi, chifukwa amene amakhala ndi mwana madzulo ndi amayi ake kapena agogo ake, ndipo ntchito yaikulu ili m'manja mwawo. Sizilira kuti mukhale munthu wofika Fomu 6. Ngati mumatha kugwira kope n'kuwerenga funso mokweza, mwakwana.

1. Funsani kaye malamulo a mpikisanowo

Safunsa anadya phula. Musanagule kanthu, mwana akafunse aphunzitsi ake zinthu izi: kodi ayankha pakamwa kapena polemba? Pali belu loimba kapena gulu lililonse limadikira nthawi yake? Amapereka masekondi angati? Kulakwa kumachotsetsa malikisi kapena kumangodutsa? Funso likakanika gulu lina, limapita kwa anzawo? Pomaliza afunse ngati mabuku ake ndi a mu Africa okha kapena a dziko lonse, ndiponso ngati mabuku amene akuwerenga m'kalasi pokonzekera mayeso a ZIMSEC, bungwe la mayeso la muno mu Zimbabwe, ali m'gululo. Kumene kulakwa kumachotsetsa malikisi, mwana wongoponya mayankho amagwetsa gulu lonse. Kumene sikuchotsetsa, mwana wokhala chete ndiye amaluza. Choncho kaphunzitsidwe kake kamasiyana.

2. Pezani zida zochepa, koma zoona

Choyamba ndi atilasi, buku la mapu lija. Musagule musanatsegule tsamba la Africa. Yang'anani ngati dziko la South Sudan lilimo, chifukwa linabadwa mu 2011. Kenako yang'anani kadziko kakang'ono ka pakati pa South Africa ndi Mozambique. Ngati palembedwa Eswatini, atilasiyo ndi ya pambuyo pa 2018 ndipo ndi yabwino. Ngati m'nyumba muli atilasi yakale ya agogo yolembedwa Zaire kapena Rhodesia, musakolezere moto, tiigwiritsa ntchito kutsogoloku.

Chachiwiri ndi kope lalikulu limodzi la kwizi yokha, mapensulo a mitundu itatu, ndi pepala lopyapyala loti mwana aziika pamwamba pa mapu n'kumatsata mizere. Chachitatu ndi mabuku enieniwo. Ogulitsa m'mbali mwa misewu m'tauni amakhala nawo otchipa, koma tsegulani kumapeto ndi pakati musanapereke ndalama, chifukwa ena ndi ongokopa pa makina ndipo masamba amadumphana. Njira ina ndi kulembetsa ku Harare City Library. Foni isiyeni kaye, nthawi yake ifika.

3. Yambirani pakhomo, osati ku Paris

Ana ambiri amene amabwera kwa ine amadziwa likulu la France, koma mukawafunsa kuti basi yochoka ku Harare kupita ku Blantyre imadutsa dziko lanji, amayang'ana kudenga. Ena amaganiza kuti Malawi ndi Zimbabwe n'zogundizana malire, poti kunyumba amangomva zoti "kumudzi". Yambirani pomwepo.

Yalani atilasi patebulo, mwana aike chala pa Harare, ndipo agogo amene anauyendapo msewuwo azitchula malo pamtima: Murehwa, Mutoko, chipata cha Nyamapanda, kenako Mozambique, Changara, Tete ndi mlatho wake wodutsa pa Zambezi, Moatize kumene amakumba malasha, Zobue, Mwanza, mlatho wa pa Zalewa powoloka Shire, mpaka Blantyre. Chala cha mwana chiziyenda pamene agogo akulankhula. Akasochera, musamuuze msanga, afufuze yekha.

Ulendo umodziwu umabala mafunso ochuluka kuposa pepala lililonse la pa WhatsApp. Zambezi ndi mtsinje wachinayi kutalika mu Africa, pambuyo pa Nile, Congo ndi Niger. Gwero lake lili kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, m'dera la Mwinilunga, ndipo umakathira mu Indian Ocean ku Mozambique. Pa mtsinje womwewu pali madamu awiri akuluakulu, Kariba ndi Cahora Bassa. Shire amachokera m'Nyanja ya Malawi n'kukathira mu Zambezi. Ndiye muuzeni mwana atsate Mukuvisi, mtsinje umene amauwoloka pa kombi: umalowa mu Manyame ndi Lake Chivero kumene Harare amamwa, ndipo Manyame amakathira mu Zambezi. Madzi a kuno ndi madzi a kumudzi amakakumana asanafike kunyanja yamchere. Mwana amene waona zimenezi ndi chala chake sadzaiwala kuti Shire amathira kuti.

Akatha apa, ajambule mapu opanda mayina n'kumadzaza yekha, kuyambira kwa anansi. Zimbabwe ali ndi anansi anayi: Zambia, Mozambique, South Africa ndi Botswana. Namibia amayandikira kwambiri pa Kazungula koma sagunda, ndipo apa ambiri amapunthwa. Malawi ali ndi atatu: Tanzania, Mozambique ndi Zambia. Mzere wa Tropic of Capricorn umadutsa Namibia, Botswana, South Africa, Mozambique ndi Madagascar, koma Zimbabwe umamuphonya pang'ono chakummwera. Kuchoka apa kwerani kumpoto mpaka Africa yense atatha, kenako mupite ku makontinenti ena. Sabata imodzi kontinenti imodzi, osathamanga.

4. Buku lililonse likhale ndi malo ake pa mapu

Apa ndi pamene mabuku ndi jogalafe zimasiya kukhala maphunziro awiri. Pa buku lililonse mwana aike timadontho titatu pa mapu ake: kofiira kumene mlembi anabadwira, kobiriwira kumene nkhani ikuchitikira, kakuda kumene mlembi anakhala nthawi yaitali kapena kumene analembera. Ofunsa mafunso amakonda malo amene timadontho timeneti tatalikirana, chifukwa m'pamene pali msampha.

Tengani Doris Lessing. Anabadwira ku Persia, dziko limene lero ndi Iran, mu 1919. Anakulira pa famu kufupi ndi Banket, anakhalapo muno mumzinda pamene unkatchedwa Salisbury, ndipo mu 1949 anapita ku London. The Grass Is Singing inatuluka mu 1950 ndipo nkhani yake ikuchitikira kuno. Analandira mphotho ya Nobel mu 2007, ndipo atamwalira mabuku ake oposa 3,000 anabwera ku Harare City Library. Mwana amene anangoloweza kuti "Lessing, Britain" adzagwa pa funso loyamba lenileni.

George Orwell dzina lake lenileni ndi Eric Arthur Blair. Limene tikulidziwali ndi dzina lolembera, lija mlembi amadzipatsa yekha n'kumaliika pachikuto. Anabadwira ku India mu 1903, anagwirapo ntchito ya upolisi ku Burma, kumene lero ndi Myanmar, ndipo Animal Farm inatuluka mu 1945. Joseph Conrad anali wa mtundu wa ku Poland, wobadwira m'dera limene lero lili mu Ukraine, koma ankalemba m'Chingerezi. Aliyense amadziwa kuti Heart of Darkness ndi ya ku Congo. Ochepa ndiwo amadziwa kuti wofotokoza nkhaniyo wakhala m'bwato pa mtsinje wa Thames. Bessie Head anabadwira ku Pietermaritzburg ku South Africa koma anakhazikika ku Serowe ku Botswana. Ernest Hemingway anali wa ku America, koma nkhalamba yake ya mu The Old Man and the Sea ndi msodzi wa ku Cuba. Abdulrazak Gurnah, amene anapata Nobel mu 2021, anabadwira ku Zanzibar mu 1948, dziko lotchedwa Tanzania lisanakhaleko.

Amene ndimamukonda pa sitepe imeneyi ndi Legson Kayira, chifukwa buku lake la I Will Try, la 1965, ndi phunziro la mapu palokha. Ananyamuka wapansi ku Nyasaland mu 1958 akufuna sukulu, anadutsa Tanganyika ndi Uganda mpaka kukafika ku Khartoum. Mwana akaika chala pa Khartoum, mufunseni akuona chiyani: mpamene White Nile ndi Blue Nile zimakumana, ndipo Blue Nile amachokera m'nyanja ya Tana ku Ethiopia. Kuchoka apo Kayira anakaphunzira ku Washington, koma osati mzinda wa likulu uja. Ndi chigawo cha Washington cha kugombe la Pacific, mbali inayo ya America. Buku limodzi, mafunso a jogalafe osachepera asanu.

Dziwaninso malo amene kulibe. Umuofia wa mu Things Fall Apart ndi mudzi wopeka, ngakhale anthu ake ndi a Igbo a kummwera chakummawa kwa Nigeria. Macondo wa Gabriel García Márquez ndi wopeka, dziko lake ndi Colombia. Maycomb wa Harper Lee ndi wopekanso, chigawo chake ndi Alabama. Mwana asataye madzulo onse akufuna malo amenewa mu atilasi.

Ndipo mabuku ena awerenge ndithu, asangodziwa mayina. Animal Farm, The Old Man and the Sea ndi So Long a Letter ya Mariama Bâ wa ku Senegal ndi timabuku tating'ono toti n'kutha Loweruka ndi Lamlungu. Things Fall Apart ndi Nervous Conditions sizitenga mwezi. Funso la atengambali, ndiye kuti anthu a m'nkhani, limasiyanitsa wowerenga ndi woloweza pompopompo. The House of Hunger ya Dambudzo Marechera ndimaisungira a Fomu 5 ndi 6. Wa Fomu 1 angodziwa kuti inatuluka mu 1978, kuti inapata Guardian Fiction Prize mu 1979, kuti mwini wake anali wa ku Rusape ndipo anamwalirira muno mu Harare mu 1987.

5. Sankhani mayankho, ovunda atayidwe

Iyi ndiyo ntchito imene aliyense amaithawa, chifukwa ndi yochedwa ndipo sioneka ngati kuphunzira. Mapepala a mafunso amene amazungulira pa WhatsApp anakopedwa kuchokera ku mapepala ena, amenenso anakopedwa kwina, ndipo palibe amene anakhala pansi n'kuwasankha monga timachitira ndi nyemba tisanatereke, zofumbwa padera. Mwana amaloweza zonse, zabwino ndi zofumbwa zomwe, n'kukazilankhula molimba mtima pamaso pa anthu. Mayankho oipa ali m'magulu atatu, ndipo gulu lililonse lili ndi mankhwala ake.

Gulu loyamba ndi mayankho amene anali oona koma nthawi inawapitirira. Dziko lalikulu koposa mu Africa linali Sudan mpaka 2011, lero ndi Algeria. Dziko la anthu ochuluka koposa linali China, koma bungwe la United Nations linati India anapitirira mu 2023. Likulu la Nigeria linachoka ku Lagos kupita ku Abuja mu 1991. La Malawi linachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975. La Côte d'Ivoire ndi Yamoussoukro kuyambira 1983, ngakhale zonse zimachitikira ku Abidjan. La Burundi ndi Gitega kuyambira 2019, osati Bujumbura. La Kazakhstan linali Astana, mu 2019 linakhala Nur-Sultan, mu 2022 linabwerera pa Astana. Ethiopia anali ndi gombe la nyanja yamchere mpaka 1993 pamene Eritrea anadziimira payekha. Apa m'pamene atilasi ya agogo ija imagwira ntchito. Ikani yakale ndi yatsopano pamodzi, mwana afufuze yekha zimene zasintha: Zaire amene anabwerera pa Congo mu 1997, Upper Volta amene anakhala Burkina Faso mu 1984, Salisbury amene anakhala Harare mu 1982. Chimene wapeza yekha chimakhazikika.

Gulu lachiwiri ndi mafunso a mayankho awiri, chifukwa wofunsa sanamalize kuganiza. Chipululu chachikulu koposa ndi chiti? Ngati tikunena malo osagwa mvula ndi Antarctica, ngati tikunena chipululu chotentha ndi Sahara. Nyanja yaikulu koposa ya pakati pa mtunda ndi Caspian Sea, koma ya madzi opanda mchere ndi Superior, ndipo yakuya koposa ndi Baikal. Mu Africa yotambalala koposa ndi Victoria, yakuya koposa ndi Tanganyika. Nyanja ya Malawi a ku Tanzania amaitcha Nyasa, a ku Mozambique amati Niassa. South Africa ali ndi malikulu atatu: Pretoria wa boma, Cape Town wa nyumba ya malamulo, Bloemfontein wa makhoti. Mayiko a mu Africa alipo 54 mukawerenga a mu United Nations, koma African Union ili ndi mamembala 55. Za Nile ndi Amazon akatswiri amatsutsanabe, ngakhale mabuku ambiri a sukulu amaika Nile patsogolo pa kutalika, Amazon patsogolo pa kuchuluka kwa madzi.

M'mabuku ndi chimodzimodzi. Munthu wa mu Africa woyamba kulandira Nobel ya zolembalemba ndi Wole Soyinka, mu 1986. Koma funso likati "wobadwira mu Africa", Albert Camus, Mfalansa wobadwira ku Algeria, analandira mu 1957. Mkazi woyamba wa mu Africa ndi Nadine Gordimer, mu 1991. Mwana adziwenso kuti Nobel amapatsa munthu chifukwa cha zolemba zake zonse, pamene mphotho ina yotchedwa Booker amapatsa buku limodzi. Ndipo kufika pa mndandanda womaliza wa Booker si kupambana. Tsitsi Dangarembga anafikapo mu 2020 ndi This Mournable Body, NoViolet Bulawayo anafikapo kawiri, mu 2013 ndi mu 2022, koma mphothoyo sanaitenge. Ndimakhumudwa nazo monga wina aliyense wa muno, koma kwizi sifunsa zokhumba zathu.

Gulu lachitatu ndi mabodza amene anthu anawabwereza mpaka anasanduka zoona. Chinua Achebe sanalandirepo Nobel, ngakhale ana asanu ndi anayi mwa khumi amalumbira kuti analandira. George Eliot anali mkazi, Mary Ann Evans. Frankenstein ndi dzina la wopanga chilombo, osati la chilombocho. Kilimanjaro, wa mamita 5,895, ali ku Tanzania, ngakhale zithunzi zambiri amazijambulira ku Kenya. Victoria Falls si mathithi aatali koposa kuchoka pamwamba kufika pansi: ndi mamita pafupifupi 108 pamene Angel Falls ya ku Venezuela ndi 979. Ulemu wa Victoria Falls, imene imatchedwanso Mosi-oa-Tunya, uli pa kutambalala kwake, mamita oposa 1,700. Ndipo malikulu a Australia, Canada, Brazil, Morocco ndi Benin ndi Canberra, Ottawa, Brasília, Rabat ndi Porto-Novo, osati mizinda yotchuka imene imabwera msanga pakamwa.

Kasankhidwe kake ndi aka. Gawani tsamba la kope patatu. Kumanzere funso, pakati yankho, kumanja mawu akuti "kuyambira liti" kapena "potengera chiyani". Yankho lisalowe m'kope lisanapeze mboni ziwiri zosiyana, monga atilasi ndi buku la ku laibulale, kapena chikuto cha buku lenilenilo ndi tsamba la eni ake a mphotho pa intaneti. Mapepala awiri a pa WhatsApp si mboni ziwiri, ndi mboni imodzi yovala malaya awiri. Foni nthawi yake ndi ino, ndipo muigwire ndinu. Chaka cha buku muchione kuseri kwa tsamba loyamba, ndipo mwana asasokoneze chaka chimene bukulo linatuluka koyamba ndi chaka chimene kope limene ali nalo linasindikizidwa. Mbali ya kumanja ikakhala yopanda kanthu pa funso la "chachikulu koposa" kapena "woyamba", ndiye kuti ntchito sinathe. Madzulo amodzi mafunso khumi akwana. Ena adzati n'zochepa. Mafunso khumi osankhidwa bwino pa tsiku, pakutha mwezi ndi 300.

Chotsala ndi chakuti nthawi zina lofumbwa limakhala pepala la wofunsa. Pa mpikisano wina umene ndinakaonerera pa sukulu ina, bambo wofunsa anati dziko lalikulu koposa mu Africa ndi liti. Mtsikana wina wa Fomu 2 anati Algeria. Bamboyo anayang'ana pepala lake n'kupukusa mutu, funso likupita kwa gulu lina. Mtsikanayo sanakweze mawu. Anaimika dzanja n'kunena kuti, "Pepani aphunzitsi, linali Sudan mpaka 2011, tingaone nawo mu atilasi?" Holo yonse inangoti zii pamene atilasi inkadutsa m'manja mwa oweruza, ndipo malikisi ake anamubwezera. Chimene chinamupulumutsa ndi chaka chija. Choncho phunzitsani mwana kuyankha modzaza pamene akudziwa kuti pali mbuna: "Gitega, kuyambira 2019." "Antarctica, koma chotentha ndi Sahara." Wofunsa akamva chomwe chili papepala lake chatchulidwa pamalo ake, kawirikawiri amavomera. Koma achite mwaulemu, ndipo oweruza akagamula nkhani yatha. Mwana wolimbana ndi akuluakulu pagulu amataya mutu pa mafunso otsatira.

6. Zaka muzimange m'mitolo

Zaka zoloweza chimodzichimodzi zimabalalika. Sankhani zaka zochepa zimene banja lanu likuzidziwa kale, n'kumangirirapo zina. Ambiri a ife makolo athu anabwera kuno kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'nyumba za azungu, ena m'nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, cha 1953 mpaka 1963. M'kati mwa zaka zimenezo muli Lord of the Flies ya William Golding, 1954, ufulu wa Ghana, 1957, Things Fall Apart, 1958, ndi kumalizidwa kwa khoma la Kariba, 1959. Chaka cha 1964 ndi mtolo waukulu: ufulu wa Malawi ndi wa Zambia, kuphatikizana kwa Tanganyika ndi Zanzibar, ndiponso Weep Not, Child ya Ngugi wa Thiong'o, amene nthawi imeneyo ankalemba dzina loti James Ngugi. Mu 1975 muli Lilongwe, ufulu wa Mozambique ndi Waiting for the Rain ya Charles Mungoshi. Mu 1982 muli dzina la Harare ndi Nobel ya García Márquez. Mu 1988 muli Nervous Conditions, Bones ya Chenjerai Hove ndi Nobel ya Naguib Mahfouz wa ku Egypt. Mu 1991 muli Abuja, Gordimer, Booker ya Ben Okri, ndi kutuluka kwa mlakatuli Jack Mapanje m'ndende ya Mikuyu kufupi ndi Zomba, kumene anam'tsekera kuyambira 1987.

Lembani zaka zimenezi papepala lalitali, mulimate kukhoma la kumene mwana amadyera. Akapeza buku latsopano alilembe pansi pa mtolo woyandikana nalo. Ngakhale ataiwala chaka chenicheni, pa funso losankha pakati pa mayankho anayi adzadziwa kuti Cry, the Beloved Country ndi ya 1948, chaka chimene tsankho linakhazikitsidwa ngati ndondomeko ya boma ku South Africa, ndipo singakhale ya m'ma 1970.

7. Yesererani ngati tsiku lenileni

Kudziwa ndi kwina, kuyankha anthu akukuyang'ana ndi kwina. Sonkhanitsani ana atatu kapena anayi, ngakhale a oyandikana nawo nyumba. Mbale yachitsulo ndi supuni ndiye belu, wotchi ya pafoni ndiye woweruza. Inu muziwerenga mafunso a m'kope muja, osatsata dongosolo lake, ndipo muziwatembenuza. Lero mufunse kuti analemba Bones ndani, mawa mufunse kuti Chenjerai Hove analemba chiyani mu 1988. Lero likulu la Burkina Faso, mawa Ouagadougou ndi likulu la dziko lanji. Mwana woloweza njira imodzi amasokonezeka mukangomutembenuzira.

Matenda aakulu ndi kuimba belu funso lisanathe. Akamva kuti "phiri lalitali koposa", dzanja lapita kale ndipo pakamwa patuluka Everest, pamene wofunsa amati amalize ndi "mu Zimbabwe", yankho lake Nyangani wa mamita 2,592, kapena "m'Malawi", yankho lake nsonga ya Sapitwa pa Mulanje, mamita 3,002. Kuti muchize zimenezi, muziika dala mawu ofunika kumapeto kwa funso, ndipo woimba belu msanga azikhala kunja mafunso atatu. Zimapweteka, koma sabata isanathe amaphunzira kudikira. Matenda achiwiri ndi kupereka mayankho awiri poyembekeza kuti limodzi ligunda. Mapanga awiri avumbwitsa. Kuyankha modzaza kumene ndanena pa nambala 5 ndi kwa munthu wodziwa. Uku ndi kwa munthu wolota, ndipo oweruza amasiyanitsa.

Mayina ovuta azitchula mokweza mpaka lilime lizolowere: Yamoussoukro, Antananarivo, Soyinka, Mahfouz. Ngati kwizi ndi yolemba, aziwalembanso. Pa alembi dzina la bambo nthawi zambiri limakwana, ndipo ndi bwino kunena "Golding" basi kusiyana n'kuwonjezera dzina loyamba lolakwa.

Pogawana ntchito m'gulu, ndi bwino kuti wina azame pa mabuku, wina pa mapu, koma musalole kuti wa mabuku asagwire atilasi n'komwe. Tsiku la mpikisano mmodzi akhoza kudwala, kapena kombi kumuchedwetsa.

8. Sabata yomaliza

Musawonjezere dziko kapena buku latsopano, kupatula chinthu chimodzi: fufuzani zimene zangochitika. Nobel ya zolembalemba amalengeza mu Okutobala chaka chilichonse, Booker imabwera pambuyo pake chaka chisanathe, ndipo ofunsa amakonda kutsegulira ndi wopambana watsopano. Onaninso ngati pali dziko limene lasintha dzina kapena likulu, ndiponso ngati mlembi wina wamkulu wamwalira, monga zinachitikira ndi Ngugi mu 2025. Zotsalazo ndi kubwereza kope, makamaka mbali ya kumanja ija, ndi kudzaza mapu opanda mayina kamodzi patsiku. Muzichita kukadali kowala, osadalira magetsi.

Usiku womaliza kope litsekedwe nthawi ya chakudya chamadzulo, mwana agone. M'mawa adye, ndalama ya kombi yopita ndi yobwerera ikhale yosinthasintha kale, ndipo anyamuke msanga ngati akudutsa m'tauni. M'chikwama mukhale cholembera, madzi akumwa ndi atilasi yatsopano ija, dzina lake litalembedwa m'kati mwa chikuto kuti ikadutsa m'manja mwa oweruza ibwerere.